Kusoka Zidole ndi Zokongoletsa za Felt Pamodzi ndi Ana: Mafunso ndi Mayankho

Awa ndi mafunso amene makolo, agogo ndi aphunzitsi amafunsa mobwerezabwereza akafuna kuyamba kusoka tinthu ta felt ndi ana, makamaka masiku a zikondwerero akamayandikira. Oyambirira ndi a munthu amene sanagwirepo felt m'manja, otsatirawo ndi a amene wayamba kale ndipo wakumana ndi zovuta.

Kodi felt n'chiyani, ndipo imasiyana bwanji ndi nsalu wamba?

Nsalu wamba amachita kuluka: ulusi wina umayenda m'litali, wina mopingasa. Mukaidula, ulusi wa m'mphepete umayamba kusosoka, n'chifukwa chake atelala amapinda m'mphepete mwa chovala chilichonse. Felt siilukidwa. Amatenga ubweya kapena tiulusi ta pulasitiki n'kutipanikiza mpaka titagwirana tokha. Ubweya wa nkhosa uli ndi timamba tosaoneka ndi maso, ndipo ukanyowa, ukatenthedwa n'kutikitidwa ndi sopo, timambato timakolana osamasukanso. Felt ya pulasitiki amaipanga ndi makina a masingano ambirimbiri okhala ndi timinga, amene amabayabaya tiulusito mpaka titapiringizana.

Luso limeneli ndi lakalekale. M'manda akale a ku Pazyryk, m'mapiri a Altai ku Siberia, munapezeka nsalu ndi mbalame zopangidwa ndi felt zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo zikusungidwa ku Hermitage Museum mumzinda wa St Petersburg. Ku Mongolia abusa amafolerabe nyumba zawo zozungulira ndi felt mpaka lero.

N'chifukwa chiyani ana amayambira pa felt?

Chifukwa siisosoka. Mwana akadula nyenyezi, nyenyeziyo yatha, palibe kupinda m'mphepete kapena kusokera m'kati n'kutembenuza. Ilibenso kutsogolo ndi kumbuyo, siiterera m'manja, ndipo ndi yolimbirapo moti kamwana kakhoza kuigwira ndi dzanja limodzi kwinaku kakusoka ndi linalo. Msoko umaonekera kunja, choncho mwana amaona yekha pamene wadutsa ndi pamene patsala.

Ndigule felt yamtundu wanji?

Ilipo ya mitundu itatu. Ya acrylic kapena polyester, yomwe ndi ya pulasitiki ija, ndiyo yotchipa ndipo imapezeka m'mitundu yowala kwambiri. Vuto lake n'lakuti ina imakhala yopyapyala moti mukaiyang'anitsa kudzuwa mumaona kuwala kukudutsa, ndipo yotereyi imatanuka n'kung'ambika pamsoko mukakoka ulusi mwamphamvu. Ya ubweya wokhawokha ndi yosalala, yolimba, imadulika bwino, koma ndi yodula. Pakati pa ziwirizi pali yosakaniza ubweya ndi rayon (ulusi wopangidwa m'fakitale kuchokera ku mitengo), imene ine ndimaiona kuti ndiyo yoyenera pa chinthu chimene mukufuna kuti chikhale zaka.

Pophunzitsa mwana, gulani yotchipayo ndipo musadandaule ikamawonongeka. Ingosankhani yokhuthalirapo. Ya milimita imodzi mpaka imodzi ndi theka ndiyo yabwino pa zidole ndi zokongoletsa zosokedwa pamanja. Ya mamilimita 2 kapena 3 imayenera pa zinthu zofunika kuima zokha monga chisoti chachifumu, koma mwana amavutika kuibaya ndi singano. Kawirikawiri imagulitsidwa m'mapepala a masentimita 20 kwa 30 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo pepala limodzi limatulutsa nyenyezi zitatu za mbali ziwiri mukayala mosamala pateni (chithunzi chodulidwa pa pepala kapena katoni chimene mumatsata podula).

Nanga ngati felt sikupezeka, ndingagwiritse ntchito chiyani?

Funani nsalu ina iliyonse yosasosoka. Juzi yakale ya fleece imadulika ndi kusokeka pafupifupi mofanana ndi felt, kungoti imatanuka. Nsalu ya T-shirt nayo siisosoka, koma imapindika m'mphepete.

Mukhozanso kupanga felt yanuyanu kuchokera ku juzi yakale ya ubweya weniweni. Iviikeni m'madzi otentha a sopo, itikiteni kwa nthawi yaitali, muitsukuluze m'madzi ozizira, kenako mubwereze. Idzafinyika kwambiri ndi kukhuthala, mpaka malukidwe ake osaonekanso. Mukadula pakona n'kuona kuti ulusi sukumasuka, yatheka. Juzi ya acrylic siingasinthe chotere ngakhale mutaitikita tsiku lonse, choncho yambani mwawerenga kachikwangwani ka m'khosi.

Pakufunika zipangizo ziti?

Singano ya diso lalikulu, ulusi wopetera, sizasi yakuthwa, mapini ochepa, katoni yodulira pateni, choko kapena kachidutswa ka sopo kolembera, riboni yopachikira, ndi zoika m'kati kuti chidole chifufume. Zoika m'katizo simufunika kugula: za m'pilo wakale wochapa bwino zimakwanira, ngakhalenso tizidutswa ta felt totsala mukatiduladula tating'onoting'ono. Makina osokera safunika n'komwe.

Sizasi yodulira nsalu isamadulenso mapepala, chifukwa imabuntha msanga. Imangeni kariboni pachigwiriro kuti aliyense m'nyumba aidziwe.

Mwana angayambe ali ndi zaka zingati?

Zimatengera mwana, koma kawirikawiri zimayenda chonchi. Wa zaka 3 kapena 4 akhoza kulowetsa chingwe m'mabowo amene mwamuboolera kale pa katoni kapena pa felt yokhuthala, pogwiritsa ntchito singano ya pulasitiki yosabaya. Wa zaka 5 mpaka 7 akhoza kugwira singano yachitsulo inu muli pambali pake. Kuyambira zaka 8, ambiri amatha kudula pateni, kulowetsa ulusi ndi kumanga mfundo okha.

Musayang'ane zaka zokha. Mwana amene amatha kukhala pansi mphindi khumi akujambula, ndipo amamva mukamuuza kuti aleke, ndi wokonzeka. Ndipo anyamata asatsale. Kusoka batani kumamufunika munthu aliyense wovala malaya.

Ulusi ukumangokolana ndi kutuluka pasingano. Ndikulakwitsa pati?

Nthawi zambiri ulusiwo watalika. Dulani wofika kuchokera kunsonga za zala mpaka pachigongono cha amene akusokayo, osati cha inu. Kwa wamkulu ndi pafupifupi masentimita 45, kwa mwana ndi wocheperapo. Ulusi wautali umapotana, ndipo mkono wa mwana sufika pokoka wonse nthawi imodzi.

Ulusi wopetera, monga wa DMC ndi wa makampani ena, umabwera uli ndi tingwe 6 topotedwa pamodzi. Musasokere tonse. Patulani tiwiri kapena titatu, ndipo potulutsa kokani kamodzikamodzi, mutatsina enawo ndi zala ziwiri. Mukayesa kukoka titatu nthawi imodzi, pansi pake pamachita chimfundo chovuta kumasula.

Kuti ulusi usamatuluke pasingano, ulowetseni, mufananitse nsonga zonse ziwiri n'kuzimanga mfundo imodzi. Singano imakhala yotsekeredwa m'kati ndipo siingagwe pansi n'kutayika. Ulusi ukayamba kupotana pakati pa ntchito, ingotayani singano ilendewere m'mwamba, udzapotoloka wokha. Za masingano: nambala ikakhala yaikulu, singanoyo ndi yaing'ono. Amene amawatcha chenille ndi abwino kwa ana chifukwa ndi akuthwa koma diso lawo ndi lalitali.

Ndi masokedwe ati amene mwana ayenera kuphunzira?

Atatu okha ndi okwanira kupanga pafupifupi chilichonse chimene chatchulidwa pano, ndipo ndi bwino kuwaphunzira motsatana.

Koyamba ndi kamene amakatcha running stitch. Singano imalowa pansi, imatulukira patsogolo pang'ono, imalowanso, basi. Ana amakagwira msanga mukamawaimbira kuti "lowa, tuluka, lowa, tuluka". Vuto lofala n'lakuti mwana akatulutsa singano kumbuyo amaizungulitsa m'mphepete m'malo moibwezera pamene yatulukira. Mudontheze timadontho ta choko motalikirana theka la sentimita kuti azitsata, ndipo mumukumbutse kuti singano ikakhala pansi ichokere pansi pomwepo.

Kachiwiri ndi whip stitch, kolumikizira zidutswa ziwiri m'mphepete. Apa kuzungulira m'mphepete kuja ndiko kofunika: singano imalowera mbali imodzi nthawi zonse, ulusi n'kumakulunga mphepete mwa nsalu. Mwana amene amalakwitsa kasokedwe koyamba mwanjira ija amakhala atadziphunzitsa kale kameneka.

Kachitatu ndi blanket stitch, kamene kamachititsa chinthu cha felt kuoneka chomalizika. Lowetsani singano mamilimita 4 kuchokera m'mphepete, itulukire kumbuyo. Musanakoke ulusi wonse, patsala kakhwekhwe. Dutsitsani singano m'kakhwekhwemo, kenako kokani modekha mpaka ulusi utagona m'mphepete. Bwerezani patsogolo pang'ono. Mukafika pakona, bayani katatu pabowo limodzi: kamodzi kumbali imene mwachokera, kamodzi pansonga penipeni, kamodzi kumbali imene mukupita. Musakoke kwambiri, chifukwa mphepete imakwinyika.

Ana okulirapo akhoza kuwonjezera backstitch (singano imabwerera m'mbuyo kukabaya pamene msoko wapitawo wathera) yolembera mayina ndi kujambulira kamwa, komanso French knot yopangira maso, imene mumakulunga ulusi kawiri pasingano n'kubayanso pafupi ndi pamene unatulukira.

Tiyambe ndi kupanga chiyani?

Kachidole kovala pachala. Kamatha msanga, ndipo mwana amayamba kuseweretsa nthawi yomweyo.

Ikani chala cha mwana papepala, mujambule mozungulira mutasiya sentimita imodzi mbali zonse. Dulani zidutswa ziwiri zofanana. Nkhope ipangidwe pa chidutswa cha kutsogolo musanalumikize, chifukwa mukalumikiza singano siidzapeza podutsa. Makutu a kalulu kapena mapiko a mbalame alowetseni pakati pa zidutswa ziwirizo kuti msoko uwagwire podutsa. Yambirani pakona ya m'munsi, mfundo mutaibisa pakati pa nsalu, mukwere, muzungulire kumutu, mutsikire mbali inayo. Kunsi kusiyeni kotsegula. Pa makona awiri a m'munsiwo bayani kawiri kapena katatu, poti ndi pamene chala chimakankha polowa ndi potuluka.

Chotsatira chikhale mtima kapena nsomba yofufuma. Sokani mozungulira, musiye kampata ka masentimita atatu singano idakali pa ulusi, mulowetse zoika m'kati pang'onopang'ono pokankha ndi kumbuyo kwa pensulo, kenako mumalize kusoka. Mukamanga mfundo yomaliza, bayani singano idutse m'kati mwa chidole n'kutulukira patali, mukoke pang'ono n'kudula. Nsonga ya ulusi imabwerera m'kati n'kubisala.

Zodula zanga zikumatuluka zokhotakhota. Ndingadule bwanji bwino?

Mapini amatukumula felt, choncho pa tizidutswa tating'ono matani pateni ya pepala ndi selotepi n'kudula pamodzi ndi tepiyo. Podula, tembenuzani nsalu, sizasi ikhale malo amodzi. Pa makona olowa m'kati, monga a nyenyezi, dulani kuchokera kunja mbali zonse ziwiri mukakumane pakonapo, osayesa kukhotetsa sizasi. Ngati mwalemba ndi cholembera, dulani m'kati mwa mzere ndipo mbali yolembedwayo iyang'ane m'kati mwa chidole.

Bwanji osangomata ndi guluu?

Kwa ana aang'ono kwambiri ndi pa tinthu tating'ono monga madontho ndi maso, guluu ndi wabwino. Gwiritsani ntchito wa nsalu kapena woyera wokhuthala. Woyera wamadzimadzi amalowerera m'felt, n'kusiya banga louma. Pakani pang'ono pakati pa chidutswa, osafika m'mphepete ngati mudzasokamo, popeza singano siidutsa pa guluu wouma.

Guluu wosungunula ndi moto agwire wamkulu yekha. Super glue ayi ndithu: akakhudzana ndi thonje kapena ubweya amatentha kwambiri moti akhoza kuwotcha khungu. Chidole choti chiziseweretsedwa tsiku ndi tsiku chisokedwe, chifukwa zomata zimamatuka.

Tingapange chiyani pa Khirisimasi?

Zopachika pamtengo ndizo zosavuta: nyenyezi, belu, mngelo, kankhosa, mpira. Zikhale za masentimita 8 mpaka 10, zosokedwa monga mtima wafotokozedwa pamwambapa. Dulani riboni ya masentimita 15, muipinde pakati, nsonga zake muzilowetse pakati pa zidutswa ziwiri pamwamba, ndipo pamenepo musokepo kangapo.

Pakhomo pamene pali kamwana kongoyamba kuyenda, pangani mtengo wa pakhoma. Dulani felt yobiriwira yaitali pafupifupi mita imodzi, muikhomere pakhoma pamene mwanayo akufika. Azikulu ake adule zokongoletsa zopyapyala zosaika kanthu m'kati. Felt imagwira pa felt inzake chifukwa cha tiubweya take, choncho kamwanako kakhoza kumata ndi kumatula tsiku lonse. Zolemererapo muziike kachidutswa ka Velcro (tepi yomata ndi kumatula ija ya pa nsapato ndi zikwama) kumbuyo.

Zidole za pachala zija zikhoza kusanduka Mariya, Yosefe, abusa ndi anzeru a kum'mawa, ana n'kumasewera nkhani yonse ya kubadwa kwa Yesu. Kalendala ya Adventi, ya timatumba 24 towerengera masiku kuyambira pa 1 mpaka pa 24 December, ndi yokongola koma ndi ntchito yaikulu. Iyambeni mu October, ndipo muigawe: mwana mmodzi adule timatumba, wina manambala, wina asoke. Mukaiyamba mochedwa mudzaimaliza nokha usiku ana atagona, ndiye kuti cholinga chake chatayika.

Nanga pa zikondwerero zina?

Pateni imasintha, kasokedwe n'komweko. Pa Pasaka, mitanda, maluwa, tiana ta nkhosa ndi anapiye. Pa Eid, mwezi ndi nyenyezi zotungidwa pachingwe n'kupachika pakhoma. Pa 14 February, mitima. Pa tsiku la amayi kapena la abambo, kabuku kosungiramo masingano, kopachikira makiyi, kapena kachikwama ka magalasi.

Pa tsiku lobadwa, chisoti chachifumu chimasangalatsa kwambiri. Yezani mutu ndi chingwe, mudule felt yokhuthala yofupikirapo masentimita 5, ndipo kumbuyo mulumikize ndi lasitiki kuti chidzakwanenso chaka chamawa. Nambala ya zaka imatidwe ndi Velcro kuti muzingosintha.

Kodi zidolezi n'zotetezeka kwa khanda?

Funso limeneli musalipeputse. Mwana wosakwana zaka 3 amaika chilichonse m'kamwa. Chidole chake chisakhale ndi mabatani, mikanda, timabelu kapena maso a pulasitiki omata, ngakhale mutasoka molimba bwanji. Maso ndi kamwa zipetedwe ndi ulusi. Oyesa zidole ku America ndi ku Ulaya amagwiritsa ntchito kachubu ka mamilimita 31.7 m'mimba mwake: chinthu chikalowamo chonse, ndiye kuti chikhoza kutsamwitsa mwana wamng'ono. Kunyumba yesani ndi kakatoni ka m'kati mwa pepala la kuchimbudzi. Chimene chadutsamo chisafike m'manja mwa khanda.

Maginito ang'onoang'ono ndi mabatire ooneka ngati batani asalowe m'chidole cha mwana aliyense, chifukwa akamezedwa amawononga m'mimba msanga. Zingwe zazitali zikhale kutali ndi pogona mwana. Musanapereke chidole, kokani khutu lililonse ndi msoko uliwonse mwamphamvu. Werengani masingano ndi mapini poyamba ndi pomaliza, ndipo singano yosagwira ntchito ibayidwe pa kachidutswa ka felt, osati pampando kapena pa zovala.

Mwana wanga akusoka mokhotakhota. Ndimasule n'kusokanso?

Ayi, musamasule. Ndikudziwa kuti manja amayabwa mukamaona msoko wina wautali, wina waufupi, diso lina lili pamwamba, lina pansi. Koma mwana akadzuka m'mawa n'kupeza kuti nyenyezi yake yawongoka usiku, amadziwa kuti si yake, ndipo ulendo wotsatira adzakupatsani singano kuti musoke ndinu.

Ntchito ya wamkulu ndi kukonzekera: kudula zovuta, kulowetsa ulusi, kumanga mfundo, kumasula pamene pakolana. Ntchito ya mwana ndi kusankha mitundu ndi kusoka. Akafuna njovu yofiirira ya makutu achikasu, musiyeni. Ngati pali bowo loti zoika m'kati zikutuluka, muonetseni n'kumufunsa kuti, "Apa titseke bwanji?" Akafuna kuti mumuthandize, sokani misoko iwiri akuonerera, mumubwezere singano.

Yamikirani chimene mukuchionadi. Kunena kuti "misoko itatu iyi yafanana bwino" kumamuthandiza kuposa kungoti "chakongola". Akatopa, bayani singano pansalu mudzapitirize mawa. Mphindi 15 kapena 20 n'zokwanira kwa mwana wa zaka 6. Kumbuyo kwa chinthu chilichonse chomalizidwa alembepo dzina lake ndi chaka. Zopachika za chaka chino mukadzaziika pambali pa za chaka chamawa, mwanayo adzaona yekha mmene manja ake akhwimira, popanda womuuza.

Ndikufuna kuphunzitsa gulu la ana. Ndikonzekere bwanji?

Nthawi yambiri imathera pa kulowetsa ulusi, choncho lowetsanitu masingano awiri a mwana aliyense, mumange mfundo, muwabaye pa chidutswa cha felt. Dulanitu zidutswa n'kuziika m'timatumba, kathumba kamodzi mwana mmodzi. Onse apange chinthu chimodzi koma asankhe okha mitundu. Wamkulu mmodzi asayang'anire ana aang'ono oposa anayi kapena asanu pamene agwira masingano akuthwa. Akhale motalikirana kuti wina akamakoka ulusi asabaye mnzake. Mwana wamanzere mukhale moyang'anizana naye pomuonetsa, osati pambali pake, ndipo ngati n'kotheka mumupezere sizasi ya amanzere.

Zikada, ndingachape? Nanga ndisunge bwanji mpaka chaka chamawa?

Yambani ndi kupukuta pamalo podetsedwa pokha ndi kansalu konyowa. Ngati pafunika kuchapa chonse, chapani pamanja m'madzi ozizira ndi sopo wochepa, mofinya pang'onopang'ono, osatikita kapena kupotokola. Madzi otentha ndi kutikita ndizo zimapanga felt, monga tanenera pa funso la juzi lija, choncho ya ubweya imafinyika mukatero. Ya acrylic siifinyika koma imachita timibulu, timene mungatidule ndi sizasi. Felt yofiira ndi yakuda nthawi zina imasuluka: nyowetsani kachidutswa, mukanikize pansalu yoyera, muone musanasokere pamodzi ndi yoyera. Mukachapa, kulungani m'thaulo kuti madzi achoke, mubwezere maonekedwe ake ndi zala, muyanike chogoneka pamthunzi.

Posita, ayironi isatenthe kwambiri ndipo pamwamba muyalepo nsalu ya thonje, chifukwa acrylic imasungunuka. Posunga, zikhale zouma ndi zoyera, m'chotengera chotseka bwino, poti njenjete zimadya ubweya. Zopyapyala zigonekeni pakati pa makatoni awiri kuti zisapindike, ndipo mapateni a katoni muwaike m'bokosi lomwelo kuti chaka chamawa musadzayambenso kujambula.